Pitikoti ya Apongozi pa Chingwe

Chiperoni chinali chitagwira masiku anayi, ndipo zofunda za mayi Magdalena sizinkauma. Mervis anazikhudza pa chingwe m'mawa wa Lachiwiri n'kuzipeza zozizira ngati zangovuulidwa kumene m'madzi. M'nyumba munatsala bulangete limodzi louma, lomwe odwalawo anafunda nthawiyo. Anayang'ana cha ku minda ya tiyi, komwe nkhungu inameza mizere yonse mpaka phiri, ndipo anapempha chamumtima: Ambuye, dzuwa la maola awiri okha.

Kuchokera tsiku limene sitiroko inagwetsa mayi akewo zaka ziwiri zapitazo, mbali yawo ya kumanja sinkagwiranso ntchito, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Mervis ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kuchapa zonse zimene aipitsira. Ntchito yothyola tiyi ku esiteti anaisiya mwezi womwewo. Mchimwene wake Fackson, amene analowa chikamwini kutsidya kwa mtsinje, ankabwera Lamulungu lililonse, kuima pakhomo n'kufunsa kuti odwala agona bwanji.

Pansi pa mtengo wa peyala, pomwe bwalo lawo linkathera, panali zigubu ziwiri za madzi. Chimodzi chinalibe chitsekero, koma amene anachisiyayo anatsekapo ndi tsamba la nthochi n'kumanga bwinobwino ndi luzi. Mervis anamwetulira yekha. Caleb, mnyamata wa ku Goliati woyendetsa thalakita yonyamula masamba ku esiteti, anayamba kutero chimufunsirireni mbeta. Ankatunga kumjigo asanapite kuntchito, n'kubweretsa pa njinga. Amayi a kumjigoko anamupatsa dzina loti Achemwali, ndipo iye ankavomera dzinalo akuseka.

Koma peyalayo sankaidutsa. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Sadya nawo, sawayang'ana m'maso, akakumana nawo m'njira amapatukira m'tchire. Caleb ankadziwa malire ake, ndipo chinkhoswe chawo chinali chitatsala masiku khumi ndi limodzi.

Foni inanjenjemera m'chitenje. Unali uthenga wa Caleb: "Mwadzuka bwanji a Mervis? Chilonda cha pamsana chija chauma? Masana ndibweretsa zigubu zina, ndaona zochapa zachuluka."

Za zilondazo Caleb anaziphunzira m'chipatala, komwe anakhala miyezi inayi ngati gadiyani wa malemu bambo ake. Mervis anayankha kuti chikuuma, ndipo anawonjezera kuti lero akupita ku boma kukatenga mankhwala a amayi.

* * *

Mervis ndi mchimwene wake anagwirizana Lamulungu kuti Fackson adzakhala pakhonde mpaka iye atabwerako, popeza mkazi wake anali ku maliro kwa Changata. Seveni koloko inakwana Fackson osaoneka. Pa foni ananena kuti akungomaliza kudula nthochi, wogula wafika kale, Mervis anyamuke basi, iye afika asanakwere n'komwe minibasi.

Mervis anazengereza pakhomo. Mapazi a mayi ake anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anakoleza mbaula, naiika chapatali ndi bedi, n'kutsegula pang'ono zenera. Atawauza kuti akupita, mayiwo anagwira nsonga ya chitenje chake ndi dzanja labwino lija. Anaigwira kanthawi, kenako anaisiya okha.

Mzere wa kuchipatala unali wautali. Mayi wina wachilendo amene anakhala naye pa benchi ananyema mbatata yootcha n'kumugawira osafunsa dzina, ndipo Mervis anathokoza Mulungu chifukwa cha anthu otere. Anaimbira Fackson katatu, foni inali yozima. Atalandira mankhwala sanadikire minibasi kuti idzaze. Anakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi ankangowerenga makona amene atsala.

Atatsika, anaona njinga ya Caleb itagwa pansi pa peyala, chigubu chimodzi chitagubuduka, madzi atatayika. Mwini wakeyo anali pakati pa bwalo, pa chingwe, akuyanika pitikoti ya mayi Magdalena.

Mervis anathamangira pabwalopo.

"Ali moyo, musaope," Caleb ananena asanafunsidwe. Kenako anafotokoza motsitsa mawu, maso ali pansi. Anafika cha m'ma leveni n'kumva kubuula m'nyumba, komanso fungo la nsalu yopsa. Anaitana a Fackson, anaitana anthu a nyumba zoyandikana, koma mudzi wonse unali kothyola tiyi. Anasuzumira pazenera. Mayiwo anali pansi, ataterereka pabedi pofuna kufikira chitini chodzithandiziramo, ndipo nsonga ya bulangete inali pa makala, ikufuka.

"Ndinaima pakhomo paja, a Mervis. Ndinaima ndithu. Kenako ndinaona utsi ukuchuluka."

Anazimitsa bulangetelo ndi manja. Anawanyamula n'kuwabwezera pabedi. Mayiwo anali atadzinyowetsa, akunjenjemera ndi chisanu, ndipo iye anadziwa zimene kunyowa kumachita pa chilonda. Anawavula zonyowazo nkhope atatembenuzira kukhoma, n'kuwafunditsa zitenje za Mervis ndi jekete lake lomwe.

Mervis anayang'ana dzanja lamanja la Caleb. Pachikhatho panali matuza awiri aakulu, ndipo anachapa nalo choncho.

"A Fackson sanabwere?"

"Sindinawaone."

Mervis anafuna kumugwira dzanjalo, koma anangoti apite, msanga, anthu asanaweruke. Caleb anati munthu mmodzi wadutsa kale. Joan wa kugolosale anaima pamsewu kanthawi ali ndi foni m'manja, ndipo atamupatsa moni sanayankhe.

* * *

M'nyumba mayi Magdalena anali atatembenuzira nkhope kukhoma. Mervis anawayang'ana thupi lonse, ndipo sanapse paliponse, kupatula kuti bondo linasupuka pang'ono. Anagwada n'kupepesa za mbaula. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene ankalikonda, koma mayiwo anatseka pakamwa. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope n'kulowa m'khutu. Jekete la Caleb anali atalikankhira pansi ndi dzanja labwino lija.

Dzuwa lisanalowe chithunzi cha Caleb akuchapa pitikoti chinali chitafika kale pa gulu la WhatsApp la kwaya ya kutchalitchi. Joan, amene ankagulitsa m'golosale ya pa esiteti ndipo ankaimba mzere umodzi ndi Caleb, analemba pansi pake kuti: "Chinkhoswe chisanachitike, mkamwini wayamba kale kuchapa mapitikoti a apongozi. Abale, tiyeni tiwapempherere anyamata athu." Wina anayankha ndi tinkhope toseka. Wina anafunsa kuti mankhwala amenewa amagulitsa kuti, nayenso akawafune a bambo a kunyumba kwake. Mtsikana mmodzi yekha, woimba alito, analemba kuti odwalawo ali bwanji kodi, koma palibe anamuyankha.

Mervis ankadziwa chimene chinkamupweteka Joan. Chaka chatha Joan ankapita ku Goliati ndi shuga ndi sopo kukaona mayi Marita, amayi ake a Caleb, ndipo mayiwo ankamutchula kale kuti mpongozi.

Uthenga wa mawu wochokera kwa mayi Marita unafika Mervis akusenda chinangwa. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinamuopsa kwambiri. Anati iwo anabereka mwana wamwamuna mmodzi yekha. Anamulekerera pamene anamva zoti akutunga madzi, poganiza kuti ndi chibwana cha chikondi. Koma mwana amene waona thupi la apongozi ake wataya ulemu wa mabanja awiri, ndipo munthu wabwinobwino sachita zotere pokhapokha atadyetsedwa kanthu. Ngati pakhomopo pakufunika wantchito, anene, osati kutenga mwana wa eni ake kudzera m'chikondi. Ankhoswe awo sabwera Loweruka lija mpaka akuchikazi anene maganizo awo.

Mervis anaumvera uthengawo kawiri, kenako anapukuta manja n'kukatembenuza mayi ake, chifukwa maola awiri oti awatembenuzenso anali atakwana.

* * *

Lachitatu masana anakumana ndi Caleb panjira ya kuchigayo, pomwe mitengo ya bulugamu imatchinga minda ya esiteti. Dzanja lake linali lomangidwa bandeji. Mervis anamuuza kuti asiye kaye kubweretsa madzi, nkhani izizire.

"Ndiye muzitunga nokha zigubu zinayi, kuchapa nokha, kuwanyamula nokha? Msana wanuwo ndi wachitsulo?"

"Ndakhala ndikutero zaka ziwiri."

"N'chifukwa chake mukuyenda chopendekera ngati agogo a zaka makumi asanu ndi awiri."

Mervis anaseka pang'ono asakufuna, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo anabisa nkhope m'mpango. Caleb anadikira. Atatonthola, anamuuza zimene anakhala akuganiza kuyambira kale. Akadzalowa pakhomopo, madzi, nkhuni ndi zochapa zidzakhala zake. Fackson atapatsidwa masiku awiri pa sabata okhala ndi odwala, ndipo amayi a kutchalitchi tsiku limodzi, Mervis akhoza kubwerera kothyola tiyi kapena kungogona tulo ngati munthu. Anati m'wodi ya amuna muja anaona madoda a ndevu zawo akusambitsa abambo awo, ndipo palibe amene anasanduka mkazi.

"Abambo awo," anatero Mervis. "Osati apongozi."

Caleb anathyola katsamba ka tiyi n'kumakapota ndi zala za dzanja labwino.

"Mukanakonda ndikanaima panja?"

Mervis anayang'ana pansi. Ayi anali m'kamwa mwake, koma anakumbukira nkhope ya mayi ake ili kukhoma, tsiku lachiwiri tsopano osadya. Ananena kuti atsibweni ake a Elson abwera mawa kudzakamba nkhaniyi, ndipo iye apemphere.

"Mukandiuze zimene anene, zilizonse," anatero Caleb. "Musandibisire pofuna kundimvera chisoni."

* * *

A Elson, mlongo wawo wa mayi Magdalena ndiponso nkhoswe ya Mervis, anafika Lachinayi m'mawa atanyamula mapapaya awiri akupsa a odwala. Anali munthu wofatsa, wa chifuwa chosatha, amene anagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya manijala wa esiteti zaka makumi atatu. Analowa kukaona mlongo wawo, anatuluka maso ali ofiira, n'kukhala pakhonde. Chitseko anachisiya chotsegula kuti mwini nkhani azimva. Fackson anakhala pa njerwa chapatali, akukanda nthaka ndi kamtengo.

A Elson anayamba ndi pemphero, kenako anazungulira. Anati mnyamatayo amamudziwa, ndi waulemu, ndipo moyo wa mlongo wawo wapulumuka chifukwa cha Mulungu ndi iyeyo. Koma mwambo suyang'ana mtima wa munthu. Mkamwini amene wavula apongozi ake adzakhala nawo bwanji bwalo limodzi? Adzadutsana bwanji popita kubafa? Anthu a m'mudzi akulankhula, akuchimuna aimika ankhoswe awo, ndipo iwo sakuona pomwe angayambire.

Fackson anawonjezera kuti Caleb akanangothira madzi pazenera n'kuthamanga kukaitana azimayi ku esiteti.

Mervis sanali munthu woyankha akuluakulu. Koma anamva mawu ake omwe akutuluka, otsika.

"Achimwene, inu munali kuti?"

Fackson anati wogula nthochi anamuchedwetsa, foni inatha moto. Ndipo ngakhale akanakhalapo, iye ndi mwana wamwamuna, sakanawavula mayi ake. Zimenezo ndi za akazi.

"Kukhala pakhonde n'kwa akazi? Kutunga madzi, kuwaza nkhuni? Zaka ziwiri, achimwene, simunandinyamulireko chigubu ngakhale chimodzi." Anatembenukira kwa a Elson, nagwada bwino. "Atsibweni, mundikhululukire. Kunyumba kwa bwana kuja, zovala za adona ankachapa ndani?"

A Elson anakhosomola. Anati ankachapa iwo, ndi kusita komwe.

"Zamkati zomwe?"

"Imeneyo inali ntchito, mwana wanga."

"Nanga iyi n'chiyani?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola nyerere. Mervis anapitiriza, popeza akanasiya sakanayambanso. Anawakumbutsa kuti pamene agogo anadwala, iye ndiye anachotsedwa Fomu 2 kuti akawasamalire, Fackson n'kupitiriza mpaka Fomu 4. Agogo atamwalira anati msinkhu wa sukulu wapita. Tsopano wapezeka munthu mmodzi amene waona kuti katunduyu ndi wolemera, ndipo ndi yemweyo akumuthamangitsa. Iye sakupempha kuti mwambo uthe. Akungopempha kuti ntchito ya pakhomopa igawidwe, aliyense atengeko tsiku lake.

A Elson anayang'ana manja awo. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma m'nyumba munamveka kugogoda. Anali mayi Magdalena, akumenya kapu pa thabwa la bedi.

* * *

Onse atatu analowa. Mervis anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake, monga ankachitira powamwetsa phala. Anamva mtima wawo ukugunda mofulumira kupyola m'nsalu. Mayiwo analimbana ndi lilime lawo kanthawi, ndipo mawu anabwera limodzilimodzi.

"Mwana uja. Wabwino."

Mervis anatseka maso. Zikomo Ambuye, anatero chamumtima.

"Akwatire."

A Elson anagwedeza mutu, nkhope yawo ikumasuka. Koma mayiwo anali asanamalize. Anakweza dzanja labwino lija n'kuphimba nalo maso awo.

"Pano ayi. Maso anga, ayi. Amutenge. Kwawo."

Atatuwo anatenga nthawi kuti amvetsetse, ndipo a Elson anabwereza mofatsa kuti atsimikize. Mlongo wawo akuvomera ukwatiwo, koma Caleb asadzapondenso pakhomopo iwo ali moyo. Mervis apite chitengwa ku Goliati. Mayiwo anavomera ndi mutu, misozi ikutsikanso. Mervis anawanong'oneza kuti Caleb sanaone kanthu, nkhope anatembenuzira kukhoma, koma iwo anangofinya dzanja lake kuti asiye.

Atabwerera pakhonde, a Elson anati mwina Mulungu watsegula njira pomwe iwo sanaione. Chitengwa mayi Marita sangachikane, chifukwa ndi mayi uti amene safuna mwana wake akhale pafupi, ndi mpongozi womuphikira? Manyazi a mlongo wawo aphimbika, pakamwa pa anthu patsekeka. Angathe kuimbira akuchimuna lero lomwe.

"Nanga amayi?" Mervis anafunsa. "Atsala ndi ndani?"

Anayang'ana mchimwene wake. Kwa kanthawi kochepa anakhulupirira kuti mawu ake aja alowa, chifukwa Fackson anali atasiya kukanda nthaka ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wachita manyazi. Iye anati Mervis wanena zoona, wavutika yekha nthawi yaitali, ndipo nyumba yake iyenera kutengako mbali. Mkazi wake sangasiye munda ndi ana aang'ono. Koma ali ndi Tamanda.

Tamanda anali mwana woyamba wa Fackson, wa zaka khumi ndi zitatu, wa Sitandade 7.

"Ndi wamphamvu, amatha kale kuphika ndi kuchapa," anatero Fackson. "Ndi agogo ake omwe, palibe chamanyazi. Sukulu ayambe wasiya kaye, adzapitiriza zinthu zikadzasintha. Uzimuphunzitsa masiku atsalawa, pofika chinkhoswe akhala atazolowera."

A Elson anapumira m'mwamba. Anati si zokoma, koma pakhomo pa matenda palibe chokoma, ndipo mwana wamkazi ndiye amasunga mudzi. Anafunsa Mervis ngati ayimbe foni ku Goliati madzulo ano, popeza ankhoswe amafunika kuuzidwa nthawi ilipo. Anamuyang'ana mwachifundo chenicheni, ngati munthu amene wamubweretsera mphatso.

Mervis anapempha kuti akawaone kaye amayi. Analowa, nawagoneka chakumanzere, n'kuika kansalu kofewa pakati pa mawondo awo. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija, mayiwo analoza papaya, ndipo iye anawadyetsa masipuni anayi. Panja ankamva mchimwene wake akufotokozera a Elson kuti Tamanda akhoza kubwera Lolemba, mayeso a teremu ino angowasiya.

Foni inanjenjemera. Anali Caleb: "Atsibweni akuti bwanji?"

Mervis anakhala pamphepete pa bedi, sipuni ili m'dzanja limodzi. Analemba kuti, "Avomera." Anayang'ana liwulo nthawi yaitali, chala chili pamwamba pa potumizira.

"Mervis," a Elson anaitana kuchokera pakhonde, mofatsa. "Ndiyimbe?"